Amayi awalembera masiku 15 a radiotherapy pomwe mnzawo 25, akuti ndi masamu. Masamu ake ati?

Mwali_wa_ku_Joni

Abale moni nonse, ndithandizeniko nzeru pano chifukwa mutu wanga waima. Amayi ndinawatenga kumudzi chaka chatha kubwera nawo kuno ku Joni atawapeza ndi khansa ya bere la kumanzere, opaleshoni inayenda bwino anachotsa chotupacho bere n'kulisiya, kemo amaliza, pano ali pa radiotherapy kapena tingoti kuwotcha kuja monga eni akewo amanenera. Chipatala sinditchula dzina.

Nde nkhani ili apa. Pa benchi podikirira paja amayi apeza mnzawo, mayi wina wa ku Zimbabwe koma makolo ake anachokera cha ku Dedza, Chichewa amayankhula ndithu chosakaniza ndi Chishona moti amacheza tsiku lililonse ngati anakulira mudzi umodzi. Iwowo ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anawalembera masiku 25 kuphatikizapo zina zolowetsa m'kati akuti akamaliza zakunjazi, pomwe amayi anga 15 basi. Amayi atamva anangoti zii, titafika kunyumba mpomwe anayamba, akuti mwana wanga mwina ationa kuti ndife obwera nde atipatsa theka, kapena aona kuti ineyo ndatha kale asataye nthawi. Ndinawakalipira kuti musamayankhule choncho koma kunena zoona nanenso zinandilowa.

Kenako sabata yathayi makina anawonongeka masiku atatu, Lachitatu mpaka Lachisanu. Anzawo aja anawaimbira foni kuti abwere Loweruka, ndipo Lolemba anawawotcha kawiri m'mawa ndi madzulo. Amayi anga? Akuti masiku atatuwo tingowonjezera kumapeto musadandaule. Mukuona momwe zikuonekera eti. Ndinafunsa adokotala anandiyankha mwaulemu ndithu koma anali pa changu, anangoti zonsezi zimawerengetseredwa ndi masamu ndipo kuseri kuli munthu wa fizikisi amene amapanga pulani ya wodwala aliyense payekha. Achimwene anga ku Lilongwe nawo akuti anamvapo kuti ku America kuli anthu a masamu ntchito yawo nkungowerengetsera kuti uyu akufunika mlingo wakuti uyu wakuti. Ine masamu tinasiyana ku Fomu 4 ndipo sitinasiyane bwino kkkk. Alipo angandifotokozere m'Chichewa choti nanenso ndikawauze amayi amve? Zoti pulani ndi ya munthu payekha nzoona kapena nzongotitonthoza?

Malume_a_ku_Chitedze

Pepa mwana wanga, Mulungu awagwire dzanja amayi akowo. Ine za masamuzo sindilowamo koma ndinaperekezako mlamu wanga nthawi imene kwathu kuno kunalibiretu makina amenewa, anthu amapita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ena ku Ocean Road ku Dar es Salaam, ena boma limawatumiza ku India ukachita mwayi dzina lako n'kutuluka pa mndandanda. Mlamu wangayo anakhalako masabata asanu ndi limodzi ngati asanu ndi awiri. Nde ndikamva 15 ine zikundidabwitsa ndithu. Ngakhale malungo ukamwa theka la mankhwala amabwerera. Ine ndikanati pita ukalimbe nawo, mwana wosalira amafera pamsana, uwauze kuti amayi apatsidwe 25 ngati anzawo.

Wafizikisi_ku_England

Achemwali pepani ndi matenda. Ine ndi mmodzi mwa anthu akuseri aja adokotala amanenawo, odwala sationa kawirikawiri timangokhala pa kompyuta m'chipinda chopanda ndi windo lomwe. Fayilo ya amayi sindinaione nde sindingalowe m'malo mwa adokotala awo, koma pa zomwe mwafotokozazi palibe chandidabwitsa olo chimodzi, ndipo amalume ndi ulemu wonse chonde asakakakamire 25.

Tiyambe ndi muyezo. Cheza chimene makina aja amawotchera timachiyeza ndi ma gray, timalemba Gy, ndi dzina la wasayansi wa ku Britain Louis Harold Gray. Kale mayi wa khansa ya bere amalandira 2 Gy pa tsiku kwa masiku 25, yonse 50 Gy, masabata asanu. Amayi anu ndikukhulupirira awalembera 40 Gy pa masiku 15, ndiye kuti cha pa 2.67 tsiku lililonse, kafunseni muone. Kutanthauza kuti akagona pa bedi paja akulandira wochuluka kuposa amene akanalandira pa ndondomeko ya masiku 25 ija. Ndipo izi sizinayambire pa obwera ayi, zinayesedwa konkuno ku UK pa kafukufuku wotchedwa START-B, amayi oposa 2000, ena 25 ena 15, anawatsatira zaka 10. Omwe khansa inabwerera pamalopo anali 4.3 pa 100 aliwonse kwa a masiku 15 ndi 5.5 kwa a masiku 25, tinene kuti nzofanana, komanso a masiku 15 bere silimafota kwambiri pakapita zaka. Mu 2020 kunatuluka zotsatira za wina wotchedwa FAST-Forward, amayi oposa 4000, apa ndi 26 Gy masiku 5 okha sabata imodzi basi, ndipo pano ambiri kuno akulandira imeneyo, eni dziko enieni. Amayi akanakhala kuno bwenzi akulira kuti awapatsa 5 kkkk.

Nanga bwanji osangowotcha kamodzi n'kuthana nazo? Mbiri yake ndi yoseketsa pang'ono. Cha m'ma 1920 ku Paris dokotala wina Claudius Regaud amayesa kuthena nkhosa zamphongo ndi cheza m'malo mwa mpeni. Akathira mlingo wonse kamodzi khungu la pathumba paja limapsa koopsa, koma akaugawa pang'onopang'ono kwa masiku angapo nkhosa imasiya kubereka khungu lili bwinobwino. Anthu anaona kuti ohoo, maselo oswana msanga, ngati a mbewu ya abambo kapena a khansa, amafa ndithu ukamagawa mlingo, pomwe mnofu wabwino umapeza mpata wodzikonza pakati pa lero ndi mawa. Masamu anabwera pambuyo kudzafotokoza zomwe anthu anaona kale ndi maso.

Masamuwo mwachidule ndi awa. Cheza chimadula DNA m'kati mwa selo. Pali kufa kwa mitundu iwiri, kwina selo imafa ndi chibakera chimodzi, kwina pamafunika timabala tiwiri tichitike moyandikana selo isanadzikonze. Koyambako timati alpha, ukawirikiza mlingo kawiri nako kumawirikiza kawiri. Kwachiwiriko timati beta, ukawirikiza mlingo kawiri iko kumawirikiza kanayi. Fomula yake imatchedwa linear-quadratic, ndi imene tonse timadyera. Ukagawa alpha ndi beta umapeza nambala imodzi yokuuza kuti mnofu uwu umamva bwanji mlingo wa pa tsiku ukakula. Zotupa zokula msanga monga ya khomo la chiberekero, ya m'kamwa ndi pakhosi, nambala yake timaiika cha pa 10, sizisamala kwenikweni kuti wa pa tsiku ndi waukulu kapena waung'ono bola yonse ikwane. Minofu yabwino imene imaonetsa kuvulala mochedwa, matumbo, chikhodzodzo, ili cha pa 3, iyi ukangokweza wa pa tsiku imavulala kwambiri. Nde taonani anzawo a amayi aja, chotupa chili pa 10 ndipo kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo kumbuyo kuli thumbo, zonse za pa 3, nzeru yake ndi kupereka pang'onopang'ono 1.8 kapena 2 pa tsiku masiku ambiri kuti chotupa chife matumbo apulumuke. Khansa ya bere inapezeka kuti nambala yake ili cha pa 4, pafupi kwambiri ndi mnofu wabwino, nde kukokera masabata asanu sikupindulitsa kanthu, ukungomusaukitsa munthu ndi ndalama za transipoti.

Za makina kuwonongekazo. Taganizani munda m'dzinja mukupalira mzere ndi mzere, mukadwala sabata imodzi udzu sukudikirani. Khansa zokula msanga zija zikamenyedwa masabata atatu kapena anayi maselo otsala amayamba kuswana mothamanga kuposa poyamba, Rodney Withers ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 1988 pa khansa za m'kamwa ndi pakhosi. N'chifukwa chake ya khomo la chiberekero timalimbana kuti zonse, zakunja ndi zolowetsa m'kati zija timati brachytherapy, zithe masabata 8 asanakwane, ukapyola pamenepo mwayi wogonjetsa chotupa umatsika pafupifupi 1 pa 100 tsiku lililonse. Anzawo aja anawaitana Loweruka chifukwa udzu wawo ukumera. Amayi anu chotupa anachotsa kale ndi mpeni, chomwe akuwotcha ndi tizotsalira tosaoneka ndi maso, masiku atatu sangagwetse ntchito. Komanso kuwotcha kawiri pa tsiku pamafunika maola 6 pakati kuti mnofu wabwino udzikonze, ndipo mlingo waukulu ngati 2.67 sitikonda kuuwirikiza tsiku limodzi, tingawavulaze khungu ndi nthiti pachabe.

Funso langa kwa inu, poti ndi bere la kumanzere, kodi amawauza kuti akoke mpweya n'kuusunga makina akamayaka?

Aphunzitsi_a_Masamu_Zomba

Ine nkhaniyi yandikoka, ndasiya ndi maskiripti omwe ndimachonga. Bwana wa ku England ndakumvani koma ndili nanu mlandu. Fomula yoyerekezera ndondomeko ziwiri ija ndikuidziwa pang'ono, BED, imene Jack Fowler anaitchukitsa mu 1989. Umatenga mlingo wa pa tsiku kugawa ndi nambala ya alpha ndi beta ija, kuphatikiza 1, kenako kutaimusa ndi mlingo wonse. Nde ndatenga 4 wanu uja. Masiku 25: 2 kugawa ndi 4 ndi 0.5, kuphatikiza 1 ndi 1.5, kutaimusa ndi 50, yankho 75. Masiku 15: 2.67 kugawa ndi 4 ndi pafupifupi 0.67, kuphatikiza 1, kutaimusa ndi 40, yankho likubwera cha pa 67. Masiku 5 aja: 5.2 kugawa ndi 4 ndi 1.3, kuphatikiza 1 ndi 2.3, kutaimusa ndi 26, yankho 59.8. Nde 75, 67, 60 mukuti nzofanana? Mwana wa Fomu 2 atandilembera kuti 75 ndi chimodzimodzi 67 ndimupatsa mtanda wofiira ine. Mwina amalume sakunama kwenikweni.

Koma china chandizizimutsa ndi ichi, ndimangoseweretsa kakyuleta. Amati kachotupa kolemera galamu imodzi kamakhala ndi maselo pafupifupi 1 biliyoni. Tiyerekeze tsiku lililonse mukupha theka la otsala, ngati katapila koma woyenda chobwerera m'mbuyo. Theka la theka la theka mpaka ka 30, 2 kudzitaimusa yekha ka 30 ndi 1,073,741,824, ndiye kuti pa 1 biliyoni paja patsala selo imodzi kapena osatsala n'komwe. Apa ndamvetsa chifukwa chake anthu ena amapatsidwa masiku 30 kapena 35. Tsopano tiyerekeze chotupa cha munthu wina ndi chouma mutu pang'ono chabe, tsiku lililonse m'malo mopulumuka 50 pa 100 akupulumuka 60. Pakatha masiku 30 omwewo patsala maselo oposa 200 amoyo, okwanira kuyambitsanso mudzi. Wina chake ndi chofewa akupulumuka 40 pa 100, uyu pofika tsiku la 23 kapena 24 ntchito inatha kale, masiku otsalawo mukungomuwotcha mnofu. Kusiyana kwa 10 yekha basi! Nde ngati nonse mukuwapatsa mlingo umodzi chifukwa dzina la matenda ndi limodzi, payekhapayekha wanuyo ali pati?

Wafizikisi_ku_England

Aphunzitsi mwandigwira pakhosi ndipo masamu anu ndi olondola onse, mtanda wofiirawo ndaulandira kkkk. Fomula mwagwiritsayo ilibe nthawi m'kati mwake, imaona ngati masabata asanu ndi masabata atatu ndi chimodzi. Ukamaliza msanga masabata awiri maselo otsala alibe mpata woswana, nde kusiyana kwina kumabwezeredwa pamenepo, fomula yathunthu ili ndi chigawo chochotsera pa tsiku lililonse lowonjezera. Komanso ikani 3 m'malo mwa 4 muone za mnofu wabwino, masiku 25 akupatsa 83, masiku 15 akupatsa cha pa 76, n'chifukwa chake bere silifota kwambiri. Koma chachikulu n'choti sitinasinthe kuchoka pa 25 kupita pa 15 chifukwa fomula yanena ayi, fomula inangoloza kuti tayesani apa, chomwe chinagamula mlandu ndi amayi masauzande aja anatsatiridwa zaka 10. Ndipotu 4 yemwe uja sanagwe kumwamba, anachokera pa kafukufuku wa amayi ngati omwewo. Fomula ikatsutsana ndi zomwe zachitikira anthu, timakonza fomula.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe achemwali anafunsa poyamba ndipo ndiyankha mosabisa. Pali magawo awiri. Gawo la malo, kuti cheza chigwere pati, ilo ndi la munthu payekha zenizeni. Amayi anapangidwa sikani ya CT atagona momwe amagonera pa makina manja ali m'mwamba, timadontho ta inki tija pa khungu nta zimenezo, kenako adokotala amajambula pa kompyuta kagawo ndi kagawo kuti bere ili apa, mtima apa, mapapo apa. Ife timaiuza kompyuta kuti apa pafike 40, mtima usapyole pakuti, iyo imayesa makona ndi mphamvu zosiyanasiyana kambirimbiri mpaka kupeza zoyenera, kuwerengetsera chobwerera kuchokera pa yankho kupita ku funso, nzeru imene Anders Brahme wa ku Sweden anaikhazikitsa m'ma 1980. Pulani ya amayi anu singagwire pa munthu wina aliyense pa dziko pano chifukwa chifuwa chawo ndi chawo. Za mtima ndinafunsa zija, mu 2013 Sarah Darby ndi anzake a ku Oxford anapeza kuti gray imodzi iliyonse imene mtima walandira pa avareji imakweza chiopsezo cha matenda aakulu a mtima ndi 7.4 pa 100 poyerekeza ndi chomwe munthuyo anali nacho kale. Munthu akakoka mpweya wambiri mapapo amafufuma mtima n'kusuntha kutalikirana ndi bere, nde timaombera nthawi imeneyo. Wina mtima wake unakhala kutali kale safunika zimenezi, wina unagundana ndi nthiti amafunika. Apa ndi payekhapayekha ndithu.

Gawo la mlingo, kuti chotupa cha uyu chikufuna ma gray angati, apa aphunzitsi mwalasa. Panopa tili ngati pa kaunjika, timasankha saizi yokwana anthu ambiri a msinkhu umenewo, sitinafike pa telala woyeza munthu ndi tepi. 10 uja ndi 4 uja ndi ma avareji a gulu, palibe anayezapo alpha ndi beta wa amayi anu. Anthu a ku America amene achimwene anu anamva aja akulimbana ndi zimenezi. Ku Moffitt Cancer Center ku Tampa, Florida, Javier Torres-Roca ndi Jacob Scott anatenga majini 10 a m'chotupa, majini a m'maselo osati a ziwanda aja, n'kupanga nambala yoyerekeza kuti chotupachi ndi chouma mutu bwanji, kenako kuilowetsa mu linear-quadratic yomwe ija m'malo mwa alpha wa gulu. Amaitcha GARD, inatuluka mu 2017, anayang'ana zotupa zoposa 8000 n'kupeza zomwe kakyuleta yanu yapezazo, mlingo umodzi koma mphamvu yake pa anthu yosiyana kutalitali. Konko ku Moffitt gulu la Heiko Enderling linabwera ndi nzeru ina, kutenga masikani awiri a munthu asanayambe kuwotchedwa, kuona kuti chotupa chakula bwanji pakati pa awiriwo, n'kuyerekeza ngati chikadali ndi malo ndi chakudya chokulira kapena chathithikana ngati chimanga chodzala mbewu zisanu phando limodzi. Chothithikana maselo ambiri amangokhala osaswana ndipo oterowo cheza sichiwapha msanga. Kristin Swanson naye wakhala zaka zambiri pa khansa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma, amatenga masikani a MRI n'kupeza manambala awiri a munthu ameneyo, liwiro loswanira ndi liwiro lolowerera mu ubongo, chifukwa wina chotupa chake ndi chobulungira ngati mbatata wina chimayanza ngati maungu, ndipo sungaziwotche mofanana.

Zonsezi nzokoma kuwerenga koma zambiri zinayesedwa poyang'ana m'mbuyo, kutenga mafayilo a anthu omwe analandira kale chithandizo n'kuona ngati fomula ikanalosera bwino. Kulosera za dzulo n'kosavuta. Kuti dokotala achepetse mlingo wa munthu wamoyo chifukwa kompyuta yati chotupa chake n'chofewa pamafunika umboni wonga wa START-B uja, ukalakwitsa palibe kubweza. Komwe ndikudziwa kuti masamu otere akugamuladi za munthu payekha tsiku ndi tsiku ndi ku Netherlands. Kumeneko wodwala khansa ya pakhosi amamupangira mapulani awiri, ya cheza wamba ndi ya cheza cha mtundu wina chotchedwa ma proton amene ndi okwera mtengo zedi, n'kulowetsa onse mu fomula yolosera mavuto ngati kuuma malovu ndi kulephera kumeza. Ngati ma proton akutsitsa chiopsezocho ndi 10 pa 100 kapena kuposa munthuyo amapita ku ma proton, ngati phindu lake ndi lochepa amakhala pa wamba. Ine njira imeneyi ndimaikonda chifukwa sikunamizira kuti ikudziwa zonse za chotupa, ikungoyankha funso limodzi.

China chimandidandaulitsa, mafomula onsewa anaphunzira pa odwala a ku Ulaya ndi America. Kwathu munthu amafika chotupa chitakula kale, magazi ochepa, mwina ali pa ma ARV, ndipo pakati pa chotupa chachikulu mpweya wa okosijeni sufika bwino, selo yopanda okosijeni imafuna cheza chowirikiza pafupifupi katatu kuti ife. Fomula yoleredwa ku Florida singangofika ku Lilongwe n'kuyamba kulamula, ikufunika manambala athu. Aphunzitsi ana anu anzeru aja muziwauzako kuti kuli ntchito iyi, anthu a fizikisi ya zachipatala ndi ochepa kwambiri kwathu.

Nesi_Wopuma

Ine ndawerenga zonse ngakhale pa alpha ndi beta paja maso anachita chidima. Ndingowonjezerapo za pansi pano poti ndinagwirako ku wodi ya amayi zaka zambiri. Masabata 8 akunenawo pa pepala ndi osavuta, koma mayi wachokera kutali alibe pogona mtauni, ndalama ya minibasi yatha tsiku la 12, kumudzi kwagwa maliro, kapena wayamba kutsegula m'mimba chifukwa cha chithandizo chomwecho n'kuganiza kuti akundipha awa, wathawa kupita kwa asing'anga, akamabwerera patha masabata atatu. Kompyuta ija inawerengetsera munthu wobwera tsiku lililonse. Nde inu operekeza odwala, gawo lanu la masamuwa ndi lomwelo, munthu asajombe, akavutika kanene kwa anesi pali mankhwala ake, ndipo magazi akatsika akati awonjezere musakane.

Tinthu tina timaoneka tachibwana koma ayi. Anzawo a amayi aja ndikudziwa amawauza kuti amwe madzi makapu akuti n'kudikira asanalowe, osakodza. Sikuti akuwazunza, chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira matumbo m'mwamba kuchoka pa njira ya cheza, ndipo pulani inapangidwa chili chodzaza choncho nde tsiku lililonse chizikhala chimodzimodzi. Munthu akaonda kwambiri pakati pa chithandizo amatha kumupanganso sikani n'kukonza pulani chifukwa thupi lomwe anayeza lija lasintha. Timadontho ta pa khungu musatikwechese ndi mwala posamba, ndinaonapo gogo wina atachotsa zolembalemba zonse za peni kuti akaoneke waukhondo kwa adokotala.

Ndipo poti tatchula khomo la chiberekero, Malawi ili m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse, ndipo mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake chimawirikiza kasanu ndi kamodzi. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, kuyezetsa kwa viniga kuja kumachitika m'zipatala zambiri ndipo sikutenga nthawi. Amalume a ku Chitedze zidzukulu zanu zinabayitsa?

Malume_a_ku_Chitedze

Ndagonja ine, mawu aja ndabweza, mwana wanga usakalimbane nawo adokotala. Za zidzukulu ndikafunsa amayi awo madzulo ano. Koma za nkhosa zija ndiye zandipweteka kumva.

Mwali_wa_ku_Joni

Zikomo nonse mwandichotsa chimwala pamtima. Achimwene a ku England munalondola, lero ndinapempha mtsikana woyendetsa makina uja kuti andionetse, pa khadi palembedwa 40.05 ndi 15. Anachita kutembenuza sikirini n'kundionetsa chifuwa cha amayi chodulidwa ngati buledi, bere lili lofiira, mitundu ikuzilala kupita m'kati, mtima anauzunguliza ndi kamzere ndipo ufiirawo ukuthera pafupi pomwepo osaukhudza. Ndinaima ngati chitsiru kuyang'ana mtima wa amayi anga ine.

Za mpweyazo eee amawauzadi, amayankhula pa sipika kuti kokani, sungani, ndipo akautaya msanga makina amazima okha. Ine ndimaona ngati ndi zoti asagwedezeke basi, sindimadziwa kuti ndi za mtima. Masiku oyamba amavutika nazo moti timayeserera kukhitchini ine ndili ndi foni kuwerenga masekondi, pano amafika 25 osavuta amachita kunyada nazo.

Ndawafotokozera za kupalira zija, kuti anzawo udzu ukadali m'munda pomwe iwowo anazula kale akungotolera totsalira. Anakhala chete kaye kenako akuti nde bwanji adokotalawo osangonena choncho tsiku loyamba lomwe. Za alpha ndi beta sindinayerekeze n'komwe. Mawa akuti akawauza anzawo aja kuti asajombe olo tsiku limodzi, poti anali atayamba kunena zopita ku Harare ku ukwati wa mdzukulu wawo sabata ya mawa asanayambe zolowetsa m'kati zija.

Atsala ndi masiku anayi. Khungu pansi pa bere lada ndipo layamba kuyabwa, anesi kuchipatala anatipatsa kirimu koma amayi akufuna azipaka Vaseline wawo amene anabwera naye kuchokera kumudzi, a Nesi_Wopuma ndiwaletse kapena ndiwasiye?